Kuveka Linux malaya a Windows

Linux ndi pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene aliyense angaitenge ulere, kuisintha ndi kugawira anzake osaphwanya lamulo. Anaiyamba ndi Linus Torvalds wa ku Finland mu 1991. Pa Linux, nkhope imene munthu amaona pa sikirini ndi chigawo chapachokha chotchedwa desktop, ndipo zilipo zingapo, monga Cinnamon, Xfce, KDE Plasma ndi GNOME. Mwini kompyuta amasankha imene yamukomera n'kuikonza kuti ifanane ndi zimene anazolowera.

Ku Namwera nkhaniyi njofunika chifukwa cha malaputopu akale. Ambiri amabwera m'zikwama za anthu ochokera ku Joni, n'kukathera m'mashopu otayipa makalata kapena kwa anyamata oika nyimbo m'mafoni m'mbali mwa msewu wa ku Chiponde. Pa 14 Okutobala 2025 kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, pamene Windows 11 imafuna kachipangizo ka TPM 2.0 kamene makina ambiri akale alibe. Koma Linux yotchedwa Linux Mint imayenda ngakhale pa RAM ya 2 GB. Chimene chimabweza anthu m'mbuyo makamaka ndi mantha: wotayipa amene dzanja lake limathamangira lokha pa batani la Start safuna kumafufuza zinthu kasitomala ali chiimire.

Ntchito imayamba ndi fulashi. Linux Mint ndi ya pafupifupi 3 GB, choncho n'kwanzeru kuti mmodzi agule bandulo, aitsitse, ena akopere kwa iye. Ikaikidwa pa fulashi, kompyuta imatha kuyakira pa fulashipo, munthu n'kuyesa zonse asanafufute kanthu. Cinnamon ya Linux Mint imabwera itafanana kale ndi Windows 7: kamzere ka mapulogalamu kali m'munsi, menyu kumanzere, wotchi kumanja. Wofuna kupitirira apo amatsitsa mitundu ndi tizithunzi tina, zimene amazitcha theme, n'kuziika m'mafoda a .themes ndi .icons. Mafodawa ngobisika, amaoneka munthu akadina Ctrl ndi H pamodzi. Pa makina ofooka kwambiri Xfce ndiyo yopepuka, ndipo theme ya Chicago95 imaisandutsa Windows 95 yeniyeni m'maonekedwe. Zorin OS, Linux ina yopangidwa ku Ireland, inafewetsa zonsezi: mu Zorin Appearance munthu amangodina kachithunzi ka maonekedwe amene akufuna. Wokonda nkhope ya Mac amakweza kamzere kaja pamwamba n'kuika kapulogalamu kotchedwa Plank m'munsi.

Kwa wotayipa, chofunika kuposa mitundu ndi LibreOffice, imene imalowa m'malo mwa Word ndi Excel. Ayenera kuiuza kuti izisunga makalata ngati .docx, kuti kalata yofunsira ntchito ikatseguke bwino pa kompyuta ya ofesi ku boma la Mangochi.

Komabe malaya sasintha thupi. Mapulogalamu a .exe sayenda pa Linux mwachindunji. Pulogalamu yotchedwa Wine imayendetsa ena, ena imakanika, ndipo ambiri mwa mapulogalamu amene okonza mafoni amagwiritsa ntchito pofulasha anapangidwira Windows yokha. Mapulinta ambiri amagwira akangolumikizidwa, koma si onse. N'chifukwa chake mwini shopu ayenera kuyamba wasindikiza tsamba limodzi kompyuta ikuyakira pa fulashi, ndi kukopera zithunzi ndi makalata a makasitomala pamalo ena, asanadine batani la Install.