Sikuta yaikulu ku Harare: yang'anani msewu wapakhomo musanatulutse madola

Kukamacha, pa Kamunhu ku Mabvuku ndi pa Machipisa ku Highfield anthu amakhala ataunjikana kale kudikira makombi, maminibasi a kuno. Ahwindi oitanira okwera akukuwa, mushikashika, galimoto yaing'ono yonyamula anthu mopanda chilolezo, waima pakati pa msewu kunyamula munthu wachisanu ndi chiwiri, ndipo ulendo wa makilomita osakwana 20 wopita m'tauni ungathe kudya ola lathunthu. Mvula ikangogwa madzulo, mtengo wa kombi umakwera pomwepo. N'chifukwa chake anyamata ndi abambo ambiri a m'makomboni amenewa, kuphatikizapo zidzukulu za Amalawi omwe anabwera kudzagwira ntchito kuno nthawi ya Nyasaland, ayamba kuganiza zogula njinga yamoto. Ena mwa iwo mtima uli pa sikuta yaikulu, yopanda magiya opondaponda, yoti Lolemba apite nayo kuntchito ndipo Loweruka akaone abale ku Marondera kapena ku Mutoko.

Maganizowa ndi abwino. Koma sikuta zimenezi anazipangira misewu ya ku Tokyo, Milan ndi Barcelona, ndipo wogula wa m'komboni ngati Tafara ayenera kuyamba waganizira bwino za kumene akukhala.

Masikuta aakulu amayambira pa injini ya 250cc kupita m'mwamba. Odziwika kwambiri ndi Yamaha XMAX 300, Honda Forza 350, Suzuki Burgman 400, kenaka zimphona zake, Yamaha TMAX 560 ndi Burgman 650. Onsewa amasintha okha magiya, ambiri kudzera pa lamba amene amayenda pakati pa mapule awiri. Wokwera amangopotokola mafuta ndi kugwira mabuleki. Pamene magalimoto athithikana pa Seke Road kapena pa Simon Mazorodze Road, zimenezi zimapumitsa dzanja ndi phazi. Pansi pa mpando pali malo olowa zisoti ziwiri, kapena thumba la ufa la makilogalamu 10 ndi ndiwo pambali. Kutsogolo kuli galasi lotchinga mphepo, ndipo amene anakwerapo njinga m'mamawa wa June ku Harare amadziwa phindu lake.

Pa msewu waukulu, kusiyana kwake ndi kasikuta ka 125cc kumaonekera msanga. Kakang'onoko kakafika pa makilomita 90 pa ola kamakhala katalira mokwanira, ndipo thiraki ikamakadutsa kamayendera mphepo ya thirakiyo. M'misewu ikuluikulu ya ku Zimbabwe galimoto zazing'ono zimaloledwa kufika pa makilomita 120 pa ola, choncho njinga yosatha kukhazikika pa 100 imakhala pangozi yogundidwa kumbuyo. Ya 300cc kapena 400cc imayenda pa liwiro limenelo mosavutikira, itanyamula anthu awiri, n'kutsalabe ndi mphamvu yopitirira basi pa chitunda.

Vuto lili pa matayala. XMAX ndi Forza zili ndi tayala la mainchesi 15 kutsogolo ndi 14 kumbuyo. Burgman 400 kumbuyo ndi 13. Njinga wamba ngati Bajaj Boxer kapena Honda Ace, zomwe anyamata operekera katundu amakwera, zili ndi matayala a mainchesi 17 kapena 18. Tayala laling'ono limalowa lonse m'dzenje pomwe lalikulu likanangodutsa pamwamba. Komanso mimba ya sikuta ili pafupi ndi nthaka, masentimita 13 kapena 14 okha, ndiye hampu yosongoka ya pafupi ndi sukulu imakhula pulasitiki yapansi mukangoidutsa muli awiri. Mu February 2021 boma linalengeza kuti misewu ya m'dziko muno yafika pa ngozi yadzidzidzi, ndipo kuchokera apo misewu ina ikuluikulu yakonzedwa. Pa Mbudzi, pomwe kale magalimoto ankagonapo, pano pali Trabablas Interchange yomwe inatsegulidwa mu 2025. Koma timisewu tam'kati mwa Budiriro, Glen View, Kuwadzana ndi Epworth tambiri tidakali maenje okhaokha, ndipo m'nyengo ya dzinja madzi amabisa kuya kwake. Makilomita awiri ochoka pakhomo kukafika pa tala wabwino ndi amene amathyola mashoko ndi kupinda marimu. Wogula ayambe wayenda wapansi pamenepo, maso ali pansi.

Kenaka aone geti la kwawo. Nyumba zambiri za m'makomboni zili ndi alendi atatu kapena anayi, kanjira kopapatiza pakati pa khoma ndi dimba la masamba, ndi sitepe pakhonde. XMAX imalemera makilogalamu pafupifupi 180, Burgman 400 imapitirira 200, ndipo Burgman 650 imayandikira 280. Kukankha chinthu chotere chobwerera m'mbuyo pa dothi lonyowa usiku ulionse si masewera, ndipo chikagwa pafunika anthu awiri kuti chidzuke. Kuisiya panja ndi kuitana akuba. Ndipo amene akuganiza zotungira madzi kumjigo, monga zimakhalira ku Mabvuku mipopi ikauma, adziwe kuti masikuta aakuluwa ali ndi msana pakati pa mapazi, chigubu sichikhalapo.

Funso lolemera kuposa onse ndi la zipangizo. Ku Siyaso ku Mbare ndi ku Gazaland ku Highfield kuli amisiri a manja odalitsika, otha kuwotcherera chitsulo chilichonse. Tcheni, mabuleki ndi matayala a Boxer mupeza tsiku lomwelo. Koma lamba wa sikuta sawotchereredwa. Amasinthidwa akayenda makilomita pafupifupi 20,000, ndipo akaduka muli pakati pa Murewa ndi Mutoko, ulendo wathera pomwepo. Lamba, timawilo tam'kati mwa pule ndi matayala a saizi imeneyi nthawi zambiri amachokera ku Johannesburg, ndipo muyenera kudikira basi kapena wachibale wobwera nazo. Masikuta atsopano alinso ndi kompyuta yoyendetsa mafuta ndi mabuleki a ABS, zomwe makaniko wa pansi pa mtengo sangazione ndi maso. Ine ndimati munthu asagule njinga imene sanapeze makaniko woidziwa ndi wogulitsa lamba wake. Ngati mukugula yogwiritsidwa kale ntchito, uzani mwini wake atsegule chivundikiro cha lamba muone nokha ming'alu, ndipo muilize injini ili yozizira.

Za mafuta nazo muziganizire. Kuyambira 2013 petulo wa ku Zimbabwe amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Chisumbanje ndi Triangle, ndipo nthawi zina mlingo wake umafika 20 peresenti, pomwe mabuku a njinga zambiri amalola 10 peresenti. Njinga yoyenda tsiku ndi tsiku sivutika kwambiri, koma yongokhala miyezi mafuta ali m'thanki imayamba dzimbiri ndi kuuma timapaipi.

Ambiri amene amalota sikuta yaikulu amalotanso ulendo wakumudzi: kutuluka mu Harare kudzera ku Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kulowa Malawi pa Mwanza mpaka ku Blantyre, mtunda wa makilomita pafupifupi 600. N'zotheka. Thanki ya malita 12 kapena 13 imakufikitsani makilomita oposa 300 mukamayenda modekha, ndipo malire a Nyamapanda ali pa mtunda wosakwana 250. Koma kutentha kwa ku Tete kumafooketsa munthu ndi lamba yemwe, ndipo mathiraki a pa msewu umenewu sapatukira njinga. Nyamulani lamba wina, madzi akumwa ndi mapepala onse a njingayo, ndipo dzuwa likalowa imani.

Chiphaso choyendetsera njinga yamoto ndi chimene kale chinkatchedwa Class 3. Pa ziphaso zatsopano zomwe zinayamba mu 2023, njinga yopitirira 125cc imafuna kodi A, ndipo mayeso ake ndi a ku VID, ofesi ya boma yoyesa madalaivala. Onjezerani inshulansi ndi laisensi ya pamsewu ya ku ZINARA. Musatsanzire zomwe zachitika kumudzi, komwe kabaza wa njinga zamoto wadzaza mawodi a othyoka mafupa m'zipatala za Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central chifukwa chokwera osaphunzira ndiponso opanda chisoti. Ndalama ya chisoti chotseka chibwano, jekete yolimba ndi magolovesi ichotsedwe poyamba, yotsalayo ndiyo igule njinga.

Kwa wokhala pafupi ndi tala wabwino, amene ali ndi posunga komanso amayenda pa msewu waukulu kawirikawiri, sikuta ya 300cc mpaka 400cc ndi yokwanira, ndipo ya 560 kapena 650 ndi katundu wolemetsa chabe. Koma ngati pakhomo panu pali maenje ndi matope, achimwene, gulani njinga ya matayala aakulu ya 200cc kapena 250cc yomwe zipangizo zake zikupezeka ku Mbare, muphunzire kuponda magiya.