MAKINA OTSUKA MAGAZI SATSUKA MITSEMPHA

Munthu amene impso zace zaleka kugwira nchito akagonekedwa koyamba pa makina otsuka magazi, amene madokotala amawacha dialysis, abale amapuma nanena kuti wapulumuka. Ndi zoonadi. Kutupa kwa miyendo kumaphwa, befu amacepa, ndipo wodwala amayambanso kufuna nsima. Koma pali bvuto lina limene makinawo salicotsa, ndilo kuuma kwa mitsempha ya magazi.

Amene anakhalako mu Lusaka adziwa zoyera zolimba zija zimene zimamata mkati mwa ketulo. Mitsempha ya wodwala impso imamatidwa motero, ngakhale kuti mlandu suli pa madzi akumwa ai. Uli pa mcere wina wa m'zakudya wochedwa phosphate, umene impso zamoyo zimataya m'mkodzo. Impso zikafooka mcerewo umaunjikana m'magazi. Pamenepo tiziwalo tinai ta m'khosi tochedwa parathyroid timayamba kukumba calcium m'mafupa. Awiriwa akakumana amakhazikika m'zipupa za mitsempha, ndipo mnofu wa mtsempha umasanduka ngati fupa. Mafupa afewa, mitsempha iuma. Mtima umapopa molimbika kukankha magazi m'mipaipi yosatamuka, kufikira utakula ndi kutopa. Matenda a mtima ndi mitsempha ndiwo atsogola pa imfa za anthu a pa makinawa.

Nanga makina alephera bwanji? Impso zimasefa usana ndi usiku osapuma, pamene makina amasefa maola 4 okha, katatu pa mlungu. Ndiponso phosphate wambiri amabisala m'minofu ndi m'mafupa, kotero kuti wodwala akatsika pa makina mcerewo umabwereranso m'magazi.

M'caka ca 2000, Dokotala William Goodman ndi anzace ku Los Angeles anajambula mitima ya acinyamata 39 a pa dialysis. Mwa 23 osafika zaka 20 panalibe ndi mmodzi yemwe wouma mitsempha ya mtima. Koma mwa 16 a zaka 20 mpaka 30, anthu 14 anali nako kuumako, cinthu cimene kawirikawiri cimaoneka mwa nkhalamba. Oumawo anali atakhala pa makina pafupifupi zaka 14, pamene enawo anali atakhalapo zaka 4.

Komabe si bwino kunamizira makina okha. Kuumako kumayamba kale impso zikali kufooka pang'onopang'ono ndi BP kapena shuga. M'caka ca 2005 Dokotala Geoffrey Block ndi anzace, ku America komweko, anatsata odwala 129 oyamba kumene dialysis. Amene anafika ndi mitsempha yoyera anakhala pafupifupi cimodzimodzi kwa miyezi 18. Amene anafika kuuma kutayamba kale, kunakulirakulira, makamaka mwa akumwa mapiritsi okhala ndi calcium. Conco tsiku loyamba pa makina limapeza mlandu utazengedwa kale kumudzi, zaka zija munthu anali kuyenda ndi BP yosapimidwa.

Kuthamangira makina nthawi isanakwane nakonso si mankhwala. Kafukufuku wa odwala 828 ku Australia ndi New Zealand, wofalitsidwa mu 2010, anaonetsa kuti oyamba msanga sanakhale ndi moyo wautali kuposa oyembekezako.

Kwa wodwala wopita ku University Teaching Hospital mu Lusaka kapena ku cipatala cacikuru ca Ndola, nkhondo yambiri iri pa mbale. Kapenta wodyedwa ndi minga yace ali ndi phosphate wambiri, cimodzimodzi mkaka. Zoipa koposa ndi zakumwa zakuda za kola, soseji ndi nyama za m'zitini, pakuti phosphate wothiridwa ku fakitale amalowa m'magazi pafupifupi yense. Wa m'nyemba ndi nshawa thupi limatengako gawo locepa, ngakhale kuti muyeso wace ayenera kuunena ndi a cipatala cifukwa ca mcere wina wa potassium. Cacisoni ndi cakuti abale okazonda wodwala amanyamula botolo la kola lomwelo poganiza kuti amkomera mtima.

Mapiritsi omanga phosphate amagwira nchito m'matumbo, pokumana ndi cakudya. Ayenera kumwedwa pa nthawi ya nsima yeniyeniyo. Akamwedwa pogona, cakudya citapita kale, sapeza kanthu kakumanga.