Ngozi ya pamsewu ndi mlandu wa ng'ombe zolowa m'munda

Ku Dowa ndi ku Ntchisi palibe amene sadziwa mlandu wa ng'ombe zolowa m'munda wa eni. Mwini munda sathamangira kwa amfumu chimanjamanja. Amayamba waitana anthu kuti adzaone mmene ziboda zapondera, awerenge mapesi othyoka, azindikirenso kuti ng'ombezo n'za khola liti. Akazengereza, mvula n'kugwa usiku, mapazi afafanizika ndipo mlandu wafooka.

Ngozi ya galimoto imayendanso momwemo. Kaya yachitikira pa M1 pakati pa Mponela ndi Madisi, kaya m'makona a ku Mvera potsetserekera ku Salima, ovulala akathamangitsidwa kuchipatala chotsatira ndi umboni. Jambulani ndi foni galimoto zisanasunthidwe, manambala ake aoneke, ndi kapepala ka inshuwalansi komata pagalasi lakutsogolo. Tengani manambala a mboni ziwiri. Apolisi adziwitsidwe pasanathe maola 24, chifukwa popanda lipoti lawo kampani ya inshuwalansi siyamba n'komwe kumvetsera.

Lamulo la Road Traffic Act la 1997 limakakamiza galimoto iliyonse yoyenda pamsewu kukhala ndi inshuwalansi ya thedi pate. Zili ngati mwini ng'ombe anapangana kale ndi munthu wina kuti ziweto zake zikadzalakwira anthu, iyeyo ndiye adzalipe. Koma wolipayo amalipa mwini munda, salipa ng'ombe imene yathyoka mwendo polumpha mpanda. Nanunso ngati wolakwa ndinu ndipo muli ndi thedi pate yokha, galimoto yanu mukonza ndi ndalama za m'thumba mwanu. Yokonzetsa galimoto yanu yomwe ndi ija amati comprehensive, ndipo nayonso pali kagawo kamene mumalipira nokha. Kampani imafuna makotesheni a kugalaja, n'kutumiza munthu wake kudzaona galimotoyo. Musafulumire kukawongoletsa chitsulo iye asanafike.

Pamene mtima wanga umawawa ndi pa anthu ovulala. Chimanga chodyedwa mumachiwerenga tsiku lomwelo, koma thupi la munthu limaulula pang'onopang'ono. Dalaivala amatuluka m'galimoto ali njenjenje, n'kunena kuti, “Bambo, tingokambirana, zisafike kupolisi.” Apatsa wogundidwayo ndalama yogulira mankhwala ndi yokonzera njinga yake, agwirana chanza. Pakatha miyezi iwiri bondo lovulala likukana kupinda, munthu sangathenso kupalira fodya kapena kusenza thumba la soya, ana akufuna fizi, ndipo dalaivala uja foni sakuyankha.

Choncho ngakhale bala lioneke laling'ono, pitani kuchipatala, kaya cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, ndipo zonse zilembedwe m'buku lanu lachipatala. Mukatumizidwa ku Kamuzu Central sungani malisiti, a thiransipoti omwe. Lipoti la dokotala ndilo limanena kuti thupi lalumala motani, ndipo chipukuta misozi chimawerengedwa kuchokera pamenepo: ululu umene mwamva, zipsera, zimene simungathenso kuchita, ndalama zimene mukanapeza mukanakhala wolimba. Munthu akamwalira, amene ankadalira thukuta lake ali ndi ufulu wodandaula. Gawo 148 la lamulo lija limalola wovulala kusumira kampani ya inshuwalansi mwachindunji, koma kampani imalipa kulekeza pa malire a polise ya inshuwalansiyo, zotsalazo n'za dalaivala ndi mwini galimoto. Ndipo pepala lovomereza kuti mwalandira zonse mukangolisayina, mwadzitsekera nokha chitseko. Lisayineni mutachira, wina wodziwa atakuwerengerani.

Muchenjerenso ndi anthu oyendayenda m'mawodi, olonjeza kukupezerani loya. Loyayo mukamuone ndi maso anu, mugwirizane polemba kuti adzatengapo zingati. Osowa ndalama apite ku Legal Aid Bureau, ndipo kampani ikamazengereza popanda chifukwa, madandaulo amalandiridwa ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira makampani a inshuwalansi. Milandu ya kuvulala ili ndi nthawi yake, zaka zitatu zikadutsa khoti likhoza kuikana.

Chovuta kwambiri kumapiri kuno n'chakuti ambiri timayenda pa njinga zamoto za kabaza ndi pa matola. Njinga zambiri zilibe inshuwalansi, ndipo lole yonyamula katundu kawirikawiri polise yake siteteza anthu okwera pamwamba pa matumba. Zikatero wovulala amatsala ndi mwini njinga kapena mwini lole basi, amene mwina chuma chake chonse ndi chitsulo chophwanyikacho.