Thupi likatentha usiku, tisadikire kuti kuce

Ambiri a ife kuno ku Chongwe, m'bale akatentha thupi timamupatsa Panado, kumufunditsa bulangete, n'kunena kuti tiona mawa. Koma kwa munthu amene akulandira mankhwala a khansa ya m'magazi, usiku umodzi womwewo ungathe kumucotsa pakati pathu.

Khansa imeneyi, imene madokotala amati leukaemia, imayambira m'mafuta a m'mafupa momwe magazi amapangidwira. Mankhwala ake amphamvu, monga amene amaperekedwa ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, cipatala cimene cinatsegulidwa mu 2007, amapha khansayo koma amagwetsanso asilikali a m'thupi. Asilikaliwa amacepa kwambiri pakapita masiku 7 mpaka 14 munthu atalandira mankhwala, ndipo odwala ena nthawi imeneyo amakhala atabwerera kumudzi. Kacilonda ka m'kamwa kapena kutsegula m'mimba n'kokwanira kuti tizilombo tilowe m'magazi. Izi ndizo amati sepsis.

Thupi likafika pa 38, kapena wodwala akayamba kunjenjemera, kupuma mofulumira, kulankhula zosokonekera kapena kukodza pang'ono, nyamukani nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ku Lusaka ndi makilomita pafupifupi 45, conco yambirani pa Chongwe District Hospital kapena kiliniki ya pafupi. Tengani khadi la ku cipatala ca khansa, ndipo muuze anesi musanakhale n'komwe pa mzere, pakuti jekeseni wa maantibayotiki amafunika kuyamba mkati mwa ola limodzi. Panado amangobisa kutenthako.

Nanga jekeseniyo akalephera kugwira? Apa ndiye tonse tili ndi mlandu. Tikagula makapisozi atatu pa kantemba cifukwa ca cimfine, kapena kumwa otsala a mnzathu, tizilombo tofooka timafa koma tolimba timatsala n'kuswana. N'cimodzimodzi ndi ufa wa maantibayotiki umene timathira m'madzi a nkhuku zosadwala, ati kuti zikule msanga. Tizilombo tosamva mankhwala timacoka m'khola kupita m'manyowa, m'dimba, m'manja, mpaka m'mbale. Kafukufuku wina wamkulu anapeza kuti mu 2019 anthu 1.27 miliyoni padziko lonse anafa ndi tizilombo totere. Boma la Zambia linakhazikitsa dongosolo lolimbana ndi vutoli mu 2017, koma dongosolo silingalowe m'khola la munthu aliyense. Mlimi afunse alangizi a ziweto asanathire kalikonse.

Wodwalayo asamawole manyowa, kusesa m'khola kapena kupeta cimanga covunda, ngakhale atanena kuti wapezako mphamvu. Madzi ake akumwa awiritsidwe, ndiwo zipse bwino, mkaka wosawiritsa ayi.

Ife a mpingo timakonda kudzaza nyumba ya wodwala, ndipo n'cikondi ndithu. Komabe amene ali ndi cifuwa kapena cimfine apemphere ali kwao, ndipo olowa asambe m'manja ndi sopo asanapereke moni. Gulu loyendera odwala lingacite bwino kugwirizana lero lomwe kuti galimoto ya usiku idzacokera kwa ndani, ndalama ya mafuta asunga ndani, ndi kulemba nambala za foni zimenezo pa pepala lokhoma kuseri kwa citseko ca wodwalayo.