Kusamukira ku Mpingo Wina

Kusintha mpingo n'kofala pakati pa Akhristu m'Malawi. Ena amasintha chifukwa cha ukwati, ena chifukwa chosamukira kudera kumene kulibe mpingo wawo, pomwe ena amakhala atakhutira ndi chiphunzitso cha kwina.

Posintha mpingo, choyamba chofunika kuchifufuza ndi chiphunzitso, makamaka pa ubatizo. Mipingo ya Katolika, Anglican ndi CCAP imabatiza makanda. A Baptist ndi a Seventh-day Adventist amabatiza yekhayo amene wavomereza chikhulupiriro ndi pakamwa pake, pomumiza m'madzi, choncho wobatizidwa ali wakhanda amabatizidwanso. Aadiventi amapembedza Loweruka, ndipo zimenezi zimakhudza ntchito ndi malonda a munthu.

Kayendetsedwe nakonso n'kosiyana. Ku Katolika ndi ku Anglican amatsogolera ndi maepiskopi, pomwe ku CCAP, yomwe idakhazikitsidwa mu 1924, abusa amagamula nkhani pamodzi ndi akulu ampingo. Kawirikawiri wobwera kumene amayamba waphunzira kalasi asanaloledwe kudya Mgonero.

Komabe munthu amazika mizu kudzera m'magulu ang'onoang'ono: miphakati, kwaya, Mvano ku Sinodi ya CCAP ya Blantyre, Chigwirizano ku Nkhoma, Umanyano ku Livingstonia kapena Dorika kwa Aadiventi. Magulu amenewa ndiwo amazonda odwala ndi kuthandiza pa maliro, ndipo wolowamo sachedwa kudziwika.

Kutsanzika mwaulemu kumpingo wakale ndi kufotokozera achibale n'kofunikanso, chifukwa maukwati ndi maliro zimasonkhanitsabe banja lonse, ngakhale likupemphera kosiyana.