Mufuna mwana? Sikelo nayo ili na mau

"Waina mwandi, bamuna bako bakusunga bwino!" Pa kitchen party mau aya ni chitamando. Koma ngati papita zaka mimba siioneka, apongozi ayamba kufunsa, mukafika kuchipatala dokotala azayamba kukukwezani pa sikelo. Sikuti akunyozani, sisi.

Mafuta a m'thupi si katundu chabe. Amapanga mahomoni monga estrogen, ndipo akachuluka amasokoneza kukhwima kwa dzira. Kumwezi kumayamba kudumphadumpha. Azimai odwala PCOS aidziwa bwino nkhani iyi.

Madokotala amapima na BMI. Tengani makilo anu, gawani na utali wanu mu mamita, yankho mugawenso na utali. Wa makilo 80 pa mamita 1.6 ali pa 31. WHO ikamba kuti pabwino ni 18.5 mpaka 24.9, ndipo kuyambira 30 ni kunenepa kopitirira.

Pa BMI yotere, mapilisi okhwimitsa dzira monga clomiphene nthawi zambiri sagwira msanga. Pa IVF, paja amakumanitsa dzira na umuna mu labu, pamafunika mankhwala ambiri, mwai wobereka umachepa, ndipo mimba kupita padera kumachuluka. Apo ndalama zapita kale. Ku Britain, madera ambiri a NHS salipirira IVF ngati BMI yapitirira 30.

Oonda kwambiri, musaseke. Pansi pa 18.5 thupi limaona monga kuli njala, kumwezi kungalekeretu.

Manje chokondweretsa ni ichi: simufunika kukhala slay queen. Kuchotsa makilo 5 pa 100 aliwonse kungabweze kumwezi m'malo mwake. Wa makilo 80 uja, ni makilo 4 chabe. Chepetsani nsima, vitumbuwa na madrinki a shuga, onjezani chibwabwa na kalembula. Selukani minibasi kutali pang'ono, muyende. Matiyi oondetsa a pa Facebook asiyeni.

Koma sikelo si zonse. Machubu otsekeka, zaka zanu, olo umuna wa amuna anu vingakhale ndiye vuto, ndiye nawo apimidwe. Mukayesa miyezi 12 osatenga mimba, olo miyezi 6 ngati mwapitirira zaka 35, pitani mwawiri ku kiliniki, angakutumizeni ku UTH. Musayembekeze kuti muonde ndiye mupite, zaka sizibwerera.