Za Kusankha Ndodo ya pa Ulendo

Abale athu a kwa Chigaru, a ku Lirangwe ndi a ku Chileka, mwezi uno tifuna kucheza nanu za chinthu chimene chili m'nyumba iliyonse, koma ambiri sachiyesa kanthu kufikira tsiku la tsoka, ndicho ndodo. Dzinja lina tinaona mayi wokalamba atakwezedwa pa njinga kumka naye ku chipatala, fupa la m'chiuno litathyoka. Iye anali kuoloka kamtsinje pochokera ku munda, atatsamira pa phesi la chinangwa limene mdzukulu wake anamthyolera m'njira. Phesilo linathyoka pakati pa madzi, mayiyo nagwera pa mwala. Anagona miyezi yambiri, munda wake numera thengo, ndipo ana amasiye amene iye ankalera anadya kwa eni chaka chimenecho. Zonsezi zinadza chifukwa cha ndodo yotola mothamanga.

Dziko lathu lino ndi la anthu oyenda kuyambira kale. Pakati pa Matope ndi chigwa cha kumunsi, mtsinje wa Shire uli ndi mathithi amene David Livingstone anawaona mu 1859, ndipo sitima za pamadzi sizikanatha kupitapo. Chifukwa chake kampani ya African Lakes, imene anthu anaitcha Mandala, itayamba ntchito mu 1878, katundu wa ku nyanja ankayenda pa mitu ya anthu kuchokera ku Blantyre kufikira ku Matope. Amtengatenga aja ankasenza mtolo wa makilogalamu ngati 25 munthu mmodzi, ambiri ndodo ili m'manja. Njanji yopita ku Salima inatha mu 1935, ntchito ija nizilala. Koma mapazi athu sanapume: tiyendabe ku dimba, ku chigayo, ku msika wa Lunzu ndi ku maliro, ndipo ena a inu mumakwera phiri la Michiru potsata Njira ya Mtanda ya ku Chilomoni. Tsono nzeru ya makolo yosankha ndodo isatayike.

Choyamba ndi mtengo wake. Ndodo yabwino ikhale yolimba koma yopepuka, pakuti dzanja lidzainyamula kambirimbiri tsiku limodzi. Mitengo ya phingo ndi tsanya njolimba ndithu, koma njolemera kotero kuti imamira m'madzi ngakhale itauma. Ndodo yotere imakoma pa bwalo la mfumu, koma pa ulendo wautali imalemetsa phewa. Malaina ndi opepuka, koma nthambi zake sizichedwa kuthyoka. Nkhadze musaikhudze konse, chifukwa utomoni wake umawononga maso. Ife tiyamikira mitengo itatu imene ili pafupi ndi aliyense: mphukira yowongoka ya gwafa, imene imapindika pang'ono osathyoka, mphukira ya bulugamu yokhwima, yomera pa chitsa, ndi nsungwi yathu ya m'chigwa, ija ya mtima wodzaza, imene iposa zonse pa kupepuka. Nsungwi ya mphako yaikulu imang'aluka msanga. Posankha, penyani kuti pasakhale mng'alu, kapena mfundo yaikulu pakati, kapena timabowo totuluka ufa, pakuti timeneto tisonyeza kuti mtengo wafumbwa m'kati.

Pali mtengo wina umene tikupemphani kuti muuleke. Amene anafika ku Likhubula, pa tsinde la phiri la Mulanje, anaona ndodo zokongola zonunkhira zimene amisiri amagulitsa kwa alendo okwera ku Sapitwa, nsonga ya mamita 3,002. Zina mwa ndodozo n'za mkungudza wa ku Mulanje, umene unasankhidwa kukhala mtengo wa fuko lathu mu 1984, ndipo sumera wokha kwina kulikonse pa dziko lapansi. Mu 2017 ofufuza anayendera phiri lonse, napeza mitengo yokhwima yosakwana khumi. Wogula ndodo ya mkungudza atuma wina kukafunanso mtengo wina. Momwemonso kudula mtengo m'nkhalango yotetezedwa, monga ya Michiru, popanda chilolezo ndi mlandu pa lamulo la nkhalango la 1997. Ife amene taona mapiri athu akuyera chifukwa cha makala, tidule ndodo m'munda mwathu, ndipo podula umodzi tibzale iwiri.

Chachiwiri ndi msinkhu, ndipo apa mpamene ambiri amalakwa. Ndodo iyesedwe pa thupi la mwini wake. Ya pa ulendo wa m'mapiri ifike pa chifuwa kapena pa phewa. Poiyesa, imani chilili pa malo osalala, muigwire chigongono chitapindika ngati ngodya ya nyumba, ndipo pamwamba pa dzanja patsale kachigawo kotalika ngati chikhatho chimodzi kapena ziwiri. Potero pokwera mudzagwira m'munsi, potsika mudzagwira m'mwamba. Koma ndodo ya nkhalamba yoyendera pa khomo, ija yokhota kumutu, ikhale yaifupi: agogo aime manja ali lende, ndipo chogwirira chifike polumikizana dzanja ndi mkono. Ikafupika kuposa apo iweramitsa msana, ikatalika ikweza phewa. Kunenepa kwake kukhale koti chala chachikulu ndi chapakati zikomane bwino poizinga.

Chachitatu ndi kukonza, ndipo pafunika kudekha. Dulani m'nyengo yozizira, mu Juni kapena Julaye, pamene mitengo ilibe madzi ambiri, ndipo mudule yotalikirapo, popeza nsonga zimang'aluka pouma. Musaiyanike pa dzuwa. Ipachikeni pa mthunzi, pansi pa denga la khitchini pamene utsi umafika, chifukwa utsi umaingitsa tizilombo. Ikakhala yokhota, muiwambe pa makala pang'onopang'ono, nimuiwongole pa bondo ikali yotentha. Pakapita miyezi itatu kapena inayi, chotsani khungwa, muipale ndi phale la botolo, mudule nsonga zong'aluka, nimuidzoze mafuta. Pomaliza muiyese: ikani nsonga pansi, mutsamirepo ndi thupi lonse. Ikalira, iponyeni pa moto. Kuli bwino ithyokere pa khomo kusiyana ndi pa mtsinje.

Nsonga ya pansi ivekedwe monga mwa njira imene mudzayendamo. Pa simenti ndi pa msewu wa tala mtengo umaterereka, choncho khomeranipo kachidutswa ka mphira wa tayala lakutha. Pa matope ndi pa miyala, kachitsulo ka paipi kozinga nsonga kamailetsa kuphwanyika. Kumutu boolani kabowo, mupisemo chingwe chokolowekera pa mkono.

Masiku ano ulendo umayamba ndi minibasi kapena kabaza, ndipo ndodo yaitali imavuta pokwera. Pa njinga imangidwe motsata chitsulo, isapingase. M'masitolo ena ndi pa kaunjika mumapezeka ndodo za chitsulo chopepuka cha aluminiyamu, zolowetsana kapena zopinda patatu, zimene zimalowa m'chikwama. N'zabwino, koma zimafooka polumikizira. Musanapereke ndalama, italikitseni, muimange, nimutsamirepo mwamphamvu. Ikalowa m'kati ngakhale pang'ono, isiyeni. Wokwera ndege pa Chileka afunsiretu, popeza makampani ambiri salola ndodo ya nsonga ya chitsulo m'chipinda cha anthu.

Chotsala ndi kudziwa kuyenda nayo. Amene mwendo umodzi umawapweteka agwire ndodo ku dzanja la mbali yabwino, ndodo ndi mwendo wodwala ziziyendera pamodzi. Pokwera patsogole mwendo wabwino, potsika patsogole ndodo ndi mwendo wodwala. Pooloka mtsinje yang'anani kumene madzi achokera, muzike ndodo kumtundako, ndipo musasunthe phazi ndodo isanakhazikike. Madzi othamanga akapitirira m'maondo, bwererani. Amene anaona mitsinje ya Blantyre pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adziwa kuti ndodo siilimbana ndi chigumula. M'udzu wautali ndodo itsogole phazi, chifukwa mphiri siithawa munthu, imangokhala duu pa njira. Mukaiona, ilambalaleni.

Tidziwa kuti ena amachita manyazi, nati ndodo ndi ya okalamba. Amtengatenga aja anali anyamata a mphamvu, ndipo sanachite nayo manyazi. Tsono inu abambo ndi anyamata a m'nyumba iliyonse, nyengo yozizira ikadza, dulani ndodo ziwiri, ina yanu, ina ya agogo a pa khomo panu. Muwaimike, muwayese bwino, muiumitse modekha, kuti mvula yoyamba ikamadzagwa ndi njira zikamadzaterera, iwo adzakhale ali nayo kale m'manja.